Ayambe waikidwa mwana wa paphiri

Malemu bambo Laban Alufandika, achimwene anga, anabadwa pa 9 Juni 1961 kwa Tengani, m'boma la Nsanje. Sukulu anaphunzira komweko. Mu 1983 anabwera ku Blantyre n'kuyamba ntchito yofukula zinthu zamakedzana. Mu 1987 anamanga banja ndi mayi Jenifer, nakhazikika kuno ku Chimwankhunda.

Mu 1995 anatumizidwa ku Mangalande kukaphunzira ntchitoyi pamalo pomwe ankafukula mudzi wakale wa Aroma, wozunguliridwa ndi ngalande. Abalefe tinawaseka ndithu. Munthu kukwera ndege ulendo wonsewo kukapala dothi ndi kasupuni, ngati ku Nsanje dothi linatha!

Mu 1998, akufukula mudzi wa mpanda wamiyala paphiri kuseri kwa Bangwe, anapeza mafupa a mwana, timikanda tidakali m'khosi. Anawanyamula m'katoni kuti akayezedwe, nalonjeza anthu akumeneko kuti adzawabweza. Kuyeza kunatha, koma chilolezo chobweza sichinatuluke. Ena muno munkanong'onezana kuti malemu amafukula akufa, ndipo alamu anga anamva zambiri kumpope. Zimenezo malemu sanazilabadire. Chomwe chinkawadya mtima ndi katoni ija, chifukwa ankati mwana wa eni anamudzutsa ndi manja awo.

Mu 2021 anayamba kuvutika ndi impso, ndipo anatisiya pa 3 Meyi 2023. Ali m'chipatala anatilamula kuti tisadzayerekeze kuwaika m'manda mwanayo adakali pashelefu.

Ndiye inu amene nthiti zakupwetekani ndi kugona pasiwa, amene mwakhala mukudandaula kuti a ku Nsanjewa maliro sadziwa kuyendetsa, tamva, ndipo pepani. Chotichedwetsa n'chimenecho. Mwana wa malemu, Hannah, wakhala akugogoda m'maofesi, misozi ili m'maso, mpaka chilolezo chatuluka. Dzulo tinakwera phiri lija n'kumugoneka mwanayo pomwe anachotsedwa, ndi mikanda yake yomwe.

Malemu asiya mkazi, ana awiri, Hannah ndi Chrispine, komanso zidzukulu zitatu. Tikuthokoza ampingo, amayi amene mwatisunga masiku onsewa, ndi adzukulu a ku Bangwe, omwe dzulo anakumba kuphiri ndipo lero, osaitanidwa, abwera ndi makasu awo kudzakumbanso kuno.

Achimwene, mwana uja wafika kwawo. Nanunso nyamukani tsopano, mzimu wanu ukause mumtendere.