Mpope wa ku Chitambuli

Olemekezeka Kamarada Diretori wa ofesi yatsopanoyi. Olemekezeka a Injinyeru Bartolomeu, amene mwafika dzulo kuchokera ku yunivesite ndipo chisanu cha Lichinga chakulonjerani kale. A Shehe Dawudi ndi a Padiri Martinho, amene nkhondo yakukhazikani pa benchi limodzi. Masekeretale a ku Sanjala ndi ku Lulimile. Ndi inu mayi Chausiku, amene mwaima pakhomo poti mpando sanakusungireni: ndakuonani nonse.

Tabwera kudzatsegula ofesi yoyeza ngati nzeru za ku yunivesite zikufikadi kwa anthu. Ndi ntchito yabwino. Ife ophunzira tinayeza mvula, tinayeza mbatata, tinangotsala kudziyeza tokha.

Muyeso tili nawo kale. Nkhondo isanakule, a Injinyeru ndi ophunzira awo anamanga mpope wa mphepo m'mudzi wa Chitambuli, nauza anthu kuti, "Muziupaka mafuta. Ukamazungulira tidzauona tili m'mwamba, tidzadziwa kuti mulipo." Msewu utadzala mabomba okwirira, kuyendera midzi kunasanduka kwa pa ndege. Woyendetsa amasuzumira pansi, n'kubwera kudzanena kuti, "Ukuzungulira, shefi." Ife m'manja. Mudzi wa mpope wozungulira ndi wotukuka, ndipo mudzi wotukuka sautumizira chimanga kapena asilikali.

Mayi Chausiku ali ndi mwana wawo kumeneko, Mariamo, ndi zidzukulu. Nsapato zawathera m'maofesi kupempha kuti koluna, mdipiti uja wa magalimoto a asilikali, ikawatenge. Yankho n'limodzi: "Mayi, mukulira chiyani? Kwanuko ndiye kuchitsanzo."

Mwezi wathawu ndinakwera koluna ina monga wolemba nkhani, ndipo madzi atatithera tinapatukira ku Chitambuli. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Galu ayi, tambala ayi, utsi ayi. Zitseko zili pululu, udzu wamera mpaka m'mafuwa. Koma mpope ukuzungulira, madzi akusefukira m'thanki n'kumayenda okha m'bwalo.

Chimene chinandiumitsa malovu n'choti sunkalira. Chitsulo chosiyidwa chimalira. Uwu unali zii. Msilikali wina, Masudi, anakwera, natsika akununkhiza chala.

"Kamarada, awa ndi mafuta a nsatsi. A lero lomwe."

Pansi panali posesedwa ndi nthambi, mpaka kulowa m'tchire. Ndinakuwa, "Odi kuno! Ndife a boma!"

Masudi anaseka chapansipansi. "Achimwene, zigawenga nazo zikabwera zimateronso."

Tinaitana m'Chiyao, m'Chinyanja, m'Chipwitikizi. Mkulu wa koluna anayang'ana dzuwa, natilamula kukwera. Galimoto ikunyamuka palibe anacheuka, koma tonse tinkamva maso kumsana.

Olemekezeka, m'tchire muja muli anthu amene akusinja nsatsi, n'kubwera chokwawa, moyo uli pachiswe, kuti atiuze kuti alipo. Nzeru inafikadi, a Injinyeru, mphoto imene munalandira chifukwa cha mpopewu musabweze. Kungoti iwo akukuwa, ife tikulemba kuti akuimba.

Kamarada Diretori, ndaona mukuba wotchi ndi diso. Ndikumaliza. Koluna ina inyamuka Lachinayi, ndipo mkulu wake wandiuza kuti sangapatukire kumudzi umene ofesi ino ikuti ndi wotukuka. Choncho ndikupempha muyeso woyamba wa ofesi ino: nenani pamaso pa anthuwa kuti mpope wa ku Chitambuli walephera. N'zowawa, ndikudziwa, koma manyazi sapha munthu. Nsatsi zikadzatha mpopewo udzaima wokha, ndipo tsiku limenelo sikudzakhalanso munthu wamoyo woti tikamutenge.

Lumo lodulira riboni ndaligwira, ndipo sindili pa changu. Tiyi azizire.

Mwati bwanji, Kamarada? Kwezani mawu, mayi Chausiku ali patali.

Eya. Walephera. A Shehe ndi a Padiri, ndinu mboni, wina akakana mawa mudziwa kokamutumiza.

Mayi, Lachinayi m'mawa mukhale pamene pamanyamukira koluna, mufunde zofunda. Dzina la mwana wanu mukaliitane nokha. Mawu anu sangawathawe.

Ndi kulephera kumeneku, ndikulengeza kuti ofesi ino yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.