Zomera za Mayi Tsekani zatsala m'manja mwanga

Bwana mkulu, akuluakulu a madipatimenti, bambo akunyumba pamodzi ndi ana ndi zidzukulu, anzanga a mu labu, zikomo nonse pobwera.

Amene tikutsanzikana nawo lero, dzina lawo lenileni ena simulidziwa n'komwe. Tonse timangoti Mayi Tsekani. Ukangolowa m'nyumba yagalasi mosungira zomera muja, moni usanapereke, wamva kale: "Tsekani chitseko. Mwasamba m'manja?" Ngakhale bwana mkulu anabwezedwapo kukasamba. Musakane bwana, tinalipo.

Ukhondo umenewu unayamba ndi misozi. Atangoyamba ntchito, zomera zawo zonse zinkadwala vairasi, ngakhale zimene sanazipatsire dala. Anatsuka mabenchi, anasintha dothi, anatikalipira tonse. Kenako zinaululika. Panali mnyamata wina wosuta fodya amene ankabwera masana kudzawagwira dzanja pageti. Vairasi ya mu fodya inkachoka m'zala zake, kudutsa m'zala zawo, mpaka pamasamba. Mnyamatayo ndi uyo wavala tayi wofiira, imvi zili mbuu. Anauzidwa kuti asankhe chimodzi, fodya kapena mayiwa. Poti ana tikuwaona, mwadziwa chimene chinasiyidwa.

Achibale, mwina mumadabwa kuti amayi ankatani kuno zaka zonsezi. Tsamba lili ndi maselo, ngati zipinda zogundizana, ndipo pakati pake pali timabowo todutsira chakudya. Vairasi payokha singakwane pamenepo. Imanyengerera mapuloteni a chomeracho kuti aikulitsire njira. Mayiwa amati wakubayu sathyola chitseko, pali wam'nyumba amene amamutsegulira. Anamusaka wam'nyumbayo mpaka kumupeza mmodzi. Anapanga zomera zopanda puloteni ameneyo, ndipo vairasi ikalowa imangokhala m'selo limodzi, kusowa kolowera. Tsiku limene tinaziona pa maikulosikopu, anavina atavala magolovesi.

Nayi nkhani imene yanditsekera njala. Zomera zimenezi n'zofooka. Njira ya vairasi itachepa, chakudya nachonso chimayenda mokakamiza. Sizibereka mbewu. Kuti mtundu usathe, timadula kanthambi n'kukabzala, koma zimagwira m'manja mwa mayiwa basi. Kwina kulikonse kulibe. Zikafa, ntchito yawo yonse yapita, ndipo ophunzira athu amene akufufuza zomwezi atsala padzuwa.

Ndiye lezala lodulira tinthambi andisiyira ine. Sabata yatha ndinadula ndekha, iwo ataima kumbuyo kwanga, manja atapinda, osayankhula. Mayi Tsekani kukhala chete, inu mukudziwa kuopsa kwake. Lero m'mawa ndinakasuzumira. Tinthambi tina tonse tagwetsa makosi. Katsala kamodzi, ndipo sindikudziwa ngati kaima chifukwa kagwira, kapena sikanamve kuti mwini wake akupita. Ndikuopa, mayi, ndisabise. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga dambolo likasamuka, ife tithawira kuti?

Komabe sitingakukanizeni kupuma. Mwagwira ntchito. Mwatiphunzitsa kudikira tsamba osalithamangitsa, ndiponso kunena zoona zotsatira zikatikana. Mwana wanga atagonekedwa m'chipatala, munathirira zomera zanga mwezi wathunthu osauza munthu. Ndinadziwira kutsekedwa bwino kwa chitseko. Zikomo, mayi. Zikomonso ana inu, chifukwa Loweruka lambiri amayi anu tinakulandani.

Pitani mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni, mukasewere ndi zidzukulu, ndipo muzizilola kulowa m'nyumba ndi matope nthawi zina.

Koma inu bambo, muli ndi mlandu ndi labu ino, munatilowetsera vairasi. Chindapusa chake n'chochepa. Tsiku lina ndidzagogoda kwanu nditanyamula kamphika ka chomera chofota. Amayi adzanena kuti anapuma, tsekani. Wam'nyumba ndinu. Chonde mudzanditsegulire.

Anzanga, tiyeni tiwaombere m'manja mwamphamvu. Mundiomberenso mbali yanga, ine ndikuthamangira kukasuzumira kanthambi kaja.