Malaya a chigamba chokhota

Aulutsi, dzina langa musalitchule chonde.

Tsiku limenelo amuna anga anafika masana, wapansi, opanda malaya. "Mayi a mwana, ndagunda munthu wa njinga ku Nkhudzi." Akuti anaimitsa lole ya nsomba imene amayendetsa, n'kumumanga mwendo ndi malaya awo, koma anthu atabwera ndi miyala ndi nkhafi, anathawa. Apolisi anawatenga tsiku lomwelo, mlandu wothawa pamalo a ngozi.

Achinyamata a chipani anayamba kuzungulira pakhomo, ati abale a wovulalayo akubwera. Ana anga awiri ndikanawabisa kuti? Ndinabereka wamng'ono, wamkulu kudzanja, mpaka kuchipatala ku Mangochi. Ndinagwada pabedi la bambo ovulalawo, abale awo akundiyang'ana.

Bambowo anasolola malaya a magazi pansi pa pilo. Ndinaona chigamba chokhota chomwe ndinasokapo ndekha, chimene amuna anga amachiseka koma osalola kuti ndichimasule. Ndinalira.

"Munthu wongothawa akanandivulira malaya ake, mama? Awa ndikawaonetsa kukhoti." Kenaka anacheukira abale awo. "Ana awa asawakhudze munthu."

Mlongo wawo anandidzutsa, n'kumupatsa mwana wanga wamkuluyo nthochi.