Laputopu ya m'kabati

Zaka zija ndikugwira ntchito yotayipa ku Makata, ana inu musanabadwe, chinthu chodula sichinkagwiridwa wamba. Mbale zagalasi zinkakhala m'kabati kudikira alendo, wailesi tinkaifunditsa kansalu koluka, ndipo ine, amene ndinafika Fomu 4 anzanga a ku Chilobwe akuthera ku pulayimale, ndinkaluka tinsalu tokongola kuposa aliyense mumzere wathu. Lero mumangoponya foni pampando, koma ife tinaleredwa moopa katundu.

Ndiye mvetserani za alamu anga a ku Naperi, amuna a akulu anga. Mwana wawo Tiyamike atalowa koleji, ine ndinati, "Alamu, tiyeni ku Limbe, kuli malaputopu a kaunjika olimba. Mwanayu akungofuna polembera."

Iwo anaseka. "Mayi a Chisomo, zotsala za azungu n'zanu a ku Chilobwe. Wanga agwira yatsopano, ya m'katoni."

Anaguladi, yopyapyala, yonyezimira, ndipo mpaka akumpingo anabwera kudzaiona. Koma itangolowa m'nyumba anaitsekera m'kabati, kiyi m'thumba mwawo. Tiyamike akati apite nayo kusukulu, iwo ankati, "M'minibasi? Akakutsomphole pa siteji? Ulembera pompano ine ndikaweruka." Akaweruka, mwina atopa, mwina magetsi azima iyo ilibe moto, ndipo mwana ankangoyenda kupempha ya anzake.

Chisomo wanga, uyo wakhala pakhomoyo, ndinamugulira yakale, yolemera ngati njerwa, batani limodzi lothothoka. Ankaikulunga m'chitenje changa n'kuiponya m'jumbo pamodzi ndi mpiru, wakuba osaiyang'ana n'komwe. Kutayipa ndinamuphunzitsa ndine, osayang'ana zala, ndipo aphunzitsi ake ankafunsa kuti mwanayu ndi wa ndani.

Koma Tiyamike ntchito yake yomaliza ya kukoleji sinathe pa nthawi yake. Anamuuza kuti abwereze chaka, bambo ake anali atapuma pantchito, ndalama zolipirira kunalibe, ndipo sukulu inathera pomwepo. Tsiku limene anabwera kudzandiuza sanalire. Anakhala pamene mwakhala inupo, n'kunena motsitsa mawu, "Amayi aang'ono, laputopu ija ikadali yatsopano."

Tsono inu amene mukuvutitsa makolo kuti mukufuna yodula, sindikukuletsani. Ojambula mafilimu ndi mapulani a nyumba amaifunadi. Koma ngati ntchito yanu ndi kulemba ndi kuwerenga basi, ana anga, sankhani imene mungakwere nayo minibasi mvula ikugwa, mtima uli m'malo.