Apongozi Satopa

Mayi a m'nyumba atalamula kuti njinga ya mpikisano ya amuna awo ichoke pakhomo, poti madalawo anali atagwa nayo koma akukanabe kuti akalamba, eni ake analumbira kuti azungulira paki yonse ya m'mbali mwa nyanja yamchere osatopa, ndipo akalephera njingayo ipite. Mboni imene mayiwo anatumiza inali mkamwini wawo, wokonza mafiriji, munthu woti ukamuuza kuti "dikira pano" umadzamupeza mawa ali pomwepo, ndipo anabwera pa njinga yake atabereka chikwama cha zitsulo.

Msewu unali zii, wopanda galimoto ngakhale imodzi. Pa chitunda choyamba, pomwe mitengo ya paini imathera n'kuyamba mchenga, madala anatsika.

"Mwatopa, bambo?" anafunsa mkamwini.

"Ndani? Ine? Tayala lakumbuyoli laphwa."

Mkamwini analitsina. "Lili gwa, bambo."

"Akamwini, ine ndinayamba kupalasa njinga inu musanamere mano. Ndikati laphwa, laphwa."

"Chabwino, bambo."

Madala analunjika pa benchi limene linali pansi pa mtengo, akuyenda ngati munthu amene sakulifuna kwenikweni. Asanafikepo, mkamwini anali atapopa kale tayala, mpope utabwerera m'chikwama.

"Zatheka, bambo. Tiyeni."

"Aa! Kale?"

"Silinafune mpweya wambiri. Kunena zoona silinaufune n'komwe, koma ndathiramo poti mwanena."

"Mukanapopa mofatsa. Tayala silifuna phuma."

"Ndiliphwetse ndiyambirenso?"

Maso a madala anawala pang'ono, koma liuma linawakaniza. "Zisiyeni. Tiyeni."

Anapalasa mtunda woti munthu atha kuponya mwala, n'kuimanso. Kumunsi madzi anali ataphwera kutali, ndipo kakowa anali ataima m'matope ndi mwendo umodzi.

"Taonani mbalame iyo," anatero madala, akupumira m'mwamba. "Munthu sabwera kuno kudzangothamanga ngati wathawa njuchi. Tiiyang'ane."

"Mpaka liti, bambo?"

"Mpaka iuluke."

"Mpaka iuluke?"

"Mwamva bwino."

Apa madala anali atasankha mwanzeru, pakuti kakowa uja ankaoneka kuti alibe ulendo mpaka dzuwa kulowa. Anatsamira chishalo n'kutseka diso limodzi. Mkamwini anayang'ana mbalame, anayang'ana apongozi ake, kenako analiza belu. Ngiriii!

"Yauluka, bambo."

"Mwaiulutsa ndinu!"

"Simunanene kuti iuluke yokha."

"Inu, m'mutu mwanumo muli chiyani?"

"Pakali pano muli chitundachi, bambo. Chatsala theka."

Madala anagwira njinga yawo n'kuyamba kuyenda nayo pansi, nsapato zawo za mpikisano zikugogoda phula.

"Mukukankha, bambo."

"Sindikukankha."

"Ndimati ndidziwe chokawauza amayi. Ndikanene kuti munakankha?"

"Mukanene kuti ndimamvetsera tcheni. Chikulira."

"Tcheni sichilira munthu akamakankha, bambo. Chimazungulira mukamapalasa basi."

"Changa chimalira."

"Ndiye kwerani ndimve nawo."

"Palibe chifukwa."

"Chilipo, bambo. Chikakudukirani potsetsereka amayi adzafunsa ine. Kwerani."

Madala anakwera, poti bodza ukalibereka umalinyamula wekha. Mkamwini anapalasa pambali pawo atapendeketsa mutu, khutu lili kumunsi.

"Sindikumva kanthu, bambo. Onjezani mphamvu."

"Mva... mvetserani bwino!"

"Mafunde akusokosa. Palasani kwambiri kuti chilire mokweza."

"Cha... chasiya!"

"Ayi, pali chomwe chikulira ndithu. Chikuti fyee, fyee." Mkamwini anakweza mutu pang'onopang'ono, kutsatira phokosolo mpaka pachifuwa cha apongozi ake. "Koma sichikuchokera ku tcheni."

"Ndi mphepo!"

"Mphepo ikulowa ndi kutuluka mwa inu, bambo."

Pamwamba pa chitunda panali benchi lina loyang'ana kunyanja, ndipo patali pankaoneka nsanja ya nyali yotsogolera zombo. Madala anaponda pansi n'kuyesa nzeru yomaliza.

"Akamwini, mukuoneka kuti mwatopa."

"Ayi, bambo."

"Mwatopa. Nkhope yanu ikunena."

"Ndi thukuta chabe."

"Musachite manyazi, ndine kholo lanu. Tipume chifukwa cha inu."

"Koma sindinatope."

"Ndikuti mwatopa!"

"Ngati mukulamula, ndatopa, bambo." Mkamwini anagoneka njinga yake pa udzu, n'kukhala pakati penipeni pa benchi, chikwama mbali iyi, botolo la madzi mbali iyo. "Inu tsogolani, ndisakuchedwetseni. Msewu ukuoneka wonse mpaka pansanja paja, ndizikuonererani ndili pano."

"Ndikusiyeni nokha kutchire kuno? Mwana wanga angandiimbe mlandu. Sunthani, ndikudikirani."

"Mundidikire? Inu, bambo? Ayi, zimenezo ndiye mwano." Mkamwini anadzambatuka n'kubereka chikwama. "Ndapuma. Tiyeni."

Madala anali atangogunditsa thako pa thabwa. Anakhala choncho, osakhazikika, osaimirira, kenako anadzisiya phii.

"Akamwini, khalani pansi."

"Ndatopanso, bambo?"

"Khalani pansi basi! Ndipo mulumbire kuti zomwe ndinene pano sizikatuluka pakamwa panu."

"Ndalumbira, bambo."

"Osawauza amayi anu."

"Sindiwauza."

"Osamuuza mkazi wanu. Osauza ngakhale galu wapakhomo."

"Ngakhale galu, bambo."

Madala anavula chipewa n'kuyang'ana kunyanja. Mawuwo anatuluka movuta, ndipo anamvetsa chisoni.

"Ndatopa. Ndatopa chichokereni pageti paja. Maondo awa ngati ndabwereka kwa munthu wina. Koma mukudziwa, akamwini, ndikakhala pa njinga iyi potsetsereka, mphepo ikundiwomba kumaso, palibe amene amandiuza kuti 'pepani agogo, khalani apa.' Ikachoka ndizikhala pakhonde n'kumayang'ana anthu akudutsa. Ndikuopa zimenezo."

Mkamwini anamwetulira mpaka mano onse kuoneka. "Zikomo kwambiri, bambo! Ndiye kuti njinga sichoka."

"Mukuti chiyani?"

"Amayi anandiuza kuti mukanena nokha kuti mwatopa, njinga ndi yanu. Akuti chomwe amaopa ndi munthu wosadziwa poima. Koma mukazungulira paki yonse osanena, akuti ipite, chifukwa tsiku lina mudzabwera mutanyamulidwa."

"Anatero?"

"Anatero."

"Nanga bwanji simunandiuze pageti?"

"Anati ndisakuuzeni mpaka mutanena nokha."

"Ndiye mwandithamangitsa chitunda chonsechi ndi belu lanulo mukudziwa?"

"Ndinakufunsani poyamba paja kuti mwatopa, bambo. Munati ndi tayala."

Madala anaseka mpaka kutsokomola, n'kumenya mkamwini paphewa. "Mayi ameneyu! Basi, nkhani yatha. Tikafika mukawauze kuti ndinatopa."

"Sindingathe, bambo."

"Chifukwa?"

"Ndalumbira."

"Aa, iyayi, zija zatha. Ndakumasulani."

"Lumbiro silimasulidwa ngati nati ya pa tayala, bambo."

"Ndine ndinakulumbiritsani!"

"N'chifukwa chake ndikulilemekeza."

"Chabwino, muuzeni mkazi wanu, iye akawauze amayi ake."

"Mkazi wanga munamutchula."

"Lembani papepala!"

"Kulemba n'kuuza ndithu, bambo. Ngakhale galu atandifunsa, ndingoyang'ana kumbali."

Madala anagwira mutu ndi manja awiri. "Ndiye amva bwanji?"

"Anati amve kwa ine kapena kwa inu. Kwa ine mwatseka nokha."

"Ine? Ndikaime pamaso pa mayi amene uja n'kunena ndi pakamwa pangapa kuti ndatopa? Simukuwadziwa! Akauza ana, akauza alendo, azikandikumbutsa pa chakudya chilichonse mpaka tsiku londiika m'manda."

"N'zotheka, bambo."

"Ndiye aitenge njingayo! Ipite! Ine sindinatope, ndipo sindinanenepo kuti ndatopa."

"Chabwino, bambo."

Mafunde ankamenya miyala kumunsi, ndipo madala anapinda manja n'kuyang'ana kumbali ngati mwana wokana mankhwala. Patapita kanthawi anafunsa motsitsa mawu.

"Kodi akufuna kuipereka kwa ndani?"

Mkamwini anadzuka, n'kusisita chishalo cha njinga ya apongozi ake mwaulemu wonse. "Kwa ine, bambo."

"Kwa inu?"

"Musade nkhawa, ndiisamala. Ndiiwotcherera keriya yachitsulo kumbuyoku kuti ndizinyamulirapo mainjini a mafiriji. Mahandulo opindikawa ndiwawongola, kutsogoloku ndimangirirapo dengu. Magiyawa ndi ambiri, ndisiyapo imodzi."

"Dengu? Pa njinga yanga?"

"Lalikulu bwino, bambo."

Madala anatambasula dzanja. "Bweretsani foni."

"Muimbire ndani?"

"Bweretsani!"

Madala anadina manambala, n'kuimirira nji ngati ali pamaso pa woweruza. Foni itayankhidwa anafuula mpaka mbalame za pamchenga zinabalalika.

"Amake ana! Ndatopa! Mwamva? Ndatopa kwambiri, ndipo ndakhala wotopa chaka chonsechi! Uzani ana, uzani alendo, uzani aliyense amene mukufuna!" Kenako anatseka foni ndi chikhato n'kutembenuka. "Inu akamwini, chotsani dzanja pa chishalo changa."