Mazira a M'thumba la Bambo Chimphepo

Abusa ndi amayi busa, Mayi Ann eni ake a famu yathu, Bambo Patson Chimphepo ndi akunyumba awo Mayi Enifa, anzanga a kumakola, abale nonse, zikomo pobwera kuno ku Nechells ndi mvula yonseyi. Ine ndine Deliwe, ndimagwira ntchito ndi Bambo Chimphepo, amene tikutsanzikana nawo lero pamene akupuma pa ntchito. Mayi Ann, pepani, lero ndiyankhula chakwathu. Thandiwe, mwana wa bambowa, azikunong'onezani m'Chingerezi, ndipo zina azidumpha kuti ateteze bambo ake.

Uthenga unandipeza ndili m'basi ya ku Longbridge, pa ulendo wa kuntchito. Foni inalira, anali bambowa. "Achemwali, bondo lakana. Ndikuritaya, ndikapume." Ndinangoti, "Chabwino, bambo." Basi inafika pa siteji yanga, ine osatsika. Ambiri mukudziwa kuti mu Febuluwale ndinataya amuna anga, a Vincent. Mtima unali usanakonzeke kutsanzikanso munthu wina. Tsiku lomwelo ndinaganiza zosiya ntchito n'kubwerera kumudzi.

Koma tisanalire, tiseke kaye.

Ntchito yathu ndi yoweta agalu otola mbalame. Mlenje akawombera, galu amathamanga, kaya m'madzi kaya m'minga, n'kubweretsa mbalameyo m'manja mwake yosaphwanyika. Agalu omwewo timapita nawo ku chionetsero, komwe jaji amayang'ana mutu, miyendo ndi mayendedwe. Oweta ambiri amasankha chimodzi, wokongola kapena wakhama. Bambowa anakana. Amati galu wokongola wosatola ndi maluwa a patebulo, ndipo wotola wa miyendo yokhota sachedwa kukalamba. Ankafuna zonse mwa galu mmodzi.

Koma sanayambe ali katswiri. Bambo, musandiyang'ane choncho, nkhaniyi munandiuza nokha.

Kwathu ku uzimba, galu akagwira nyama amapatsidwa matumbo. Ndi ulemu wake. Tsiku loyamba kuthengo, galu wonyadira wa Mayi Ann, dzina lake Flossie, anabweretsa mbalame bwinobwino. Bambowa anaona kuti azunguwa alibe chisoni, angomusisita pamutu basi. Anapita kuseri kwa galimoto ndi mpeni, n'kumupatsa Flossie gawo lake. Flossie anamvetsa msanga. Mbalame yotsatira sanabwere nayo. Anakakhala nayo pansi pa mtengo, n'kudzilipira yekha. Alenje anangoona nthenga zikuuluka.

Mayi Ann sanawachotse ntchito. Anangoti, "Mwamuwononga ndinu, mumukonze ndinu." Nyengo yonse yozizira ija bambowa anali ndi Flossie ndi mazira aawisi, kumuphunzitsa kunyamula dzira pakamwa osaliswa. Mayi Enifa akachoka ku ntchito yawo ya usiku ku Edgbaston ankapeza fuliji ili mbee. "Bambo a Thandiwe, mazira aja?" Iwo amvekere, "Ali kusukulu."

Chiyambire nthawiyo sayenda opanda dzira m'thumba. Abusa, mukukumbukira tsiku lija anakhala pansi mwamphamvu titatha kuimba? Benchi ija ilipo mpaka lero, ndipo palibe amakhalapo.

Flossie anakonzeka. Anatola mbalame zaka zambiri, n'kupambananso ku chionetsero. Adzukulu ake ndi amene ali m'makola mwathu, ndipo onse amamva Chichewa. Mzungu wina anagula mwanagalu, patapita sabata anaimba foni kudandaula kuti galu wake ndi wogontha. Bambowa anati, "Muikeni pa foni." Atangoti "Khala pansi," tinamva mzungu uja akuseka mpaka kutsokomola.

Tsopano ndinene za mumtima. Mu Malichi kunabadwa ana agalu, zidzukulutudzi za Flossie. Mmodzi yekha ndiye amatsala pafamu kuti apitirize mtundu, ndipo wosankha nthawi zonse anali bambowa. Ukalakwitsa pamenepo, ntchito ya zaka zonsezi imapita. Nditawauza kuti ndikubwerera kumudzi, sanandilalikire, sananditonthoze ndi mawu ambiri. Anatulutsa dzira m'thumba n'kundiika m'manja. "Za kumudzi tidzakamba. Panopa sankhani galu, maso anga atopa."

Bambo, maso anu alibe vuto. Thandiwe anandiuza kuti mumawerenga nyuzipepala opanda magalasi. Ndinadziwa chimene munkachita, ndipo ndikuthokoza.

Ana agalu sadziwa za maliro. M'mawa amafuna chakudya, amafuna kuthamanga, amakukoka jasi mpaka udzuke. Ndinkawaonetsetsa tsiku ndi tsiku, mmene amaimira, mmene amalowera m'madzi. Ndinasankha kagalu kakakazi, kakuda, kofatsa, ka chifuwa chachikulu. Dzulo ndinakatuma dzira kuchokera kumapeto kwa bwalo. Kanabwera nalo, n'kuliika m'dzanja langa lathunthu, lofunda.

Mayi Ann, izi Thandiwe asadumphe: sindikupita. Ndikhala.

Bambo Chimphepo, zikomo chifukwa cha m'mawa wonse uja wa chisanu, chifukwa chotiphunzitsa mosakalipa, komanso chifukwa choima nane pa nthawi yanga ya chisoni. Kapumuleni. Bondo lichire, mugone mpaka dzuwa lituluke, ngati lingatuluke m'dziko muno. Mayi Enifa, mazira anu abwerera kukhitchini.

Abale, tiyeni tiwaombere m'manja, mwamphamvu. Kumakola kwatsala agalu a Flossie, kagalu kakuda kaja, ndi ine. Dzira la mawa lili kale m'thumba langa.