Botolo lomwe ndinabisa m'thumba la nandolo

Aulutsi, ndine mayi wa ku Kadewere, ndipo nkhaniyi sindinauzepo munthu aliyense.

Chaka chimene amuna anga anayamba kumwa ma ARV, achimwene anga ndi akazi awo anabwera kuchokera ku Limbe kudzadya nafe Khirisimasi. Mutu wanga sunkagwira. Kumunda udzu unali utakula, kunyumba alendo, thobwa lofunika kuphika, komanso mantha. Alamu angawo ndi olongolola, ndiye ndinkaona kuti akangoona mankhwala, mudzi wonse umva. Ndinatenga botolo lija n'kukalikwirira m'thumba la nandolo kunyumba kwa amayi.

M'mawa mwake amuna anga anandifunsa monong'ona kuti, "Amayi, mankhwala aja ali kuti?"

"Dikirani alendo apite," ndinawakalipira. "Mukufuna tizikambidwa pamjigo?"

Poti anali mkamwini, sakanakangana nane pamaso pa achimwene.

Alendo anakhala masabata awiri, mpaka Nyuwere itadutsa. Chifuwa chimene amuna anga ankadwala kale chinayambiranso, anagonekedwa kuchipatala, ndipo mu Febuluwale tinaika maliro. Adokotala sanandiloze chala, koma mtima wanga umandiloza tsiku lililonse.

Pamaliro pomwepo alamu aja anandikokera kuseri kwa khitchini akulira. "Mlamu," anatero, "ifenso timamwa omwewo. Khirisimasi yonse ija tinkamwera kubafa, kuopa inu."

Omvera anzanga, nyengo ya zisangalalo ikafika, wodwala amwe mankhwala ake, mlendo aone zimene waonazo. Ine ndinateteza mbiri ya banja, koma lero ndikupalira ndekha.